Kulemba Nkhani m'Chichewa Chomveka: Malangizo kwa Mtolankhani

Nkhani zambiri zomwe anthu amamva m'Chichewa pa MBC, Zodiak ndi wailesi za m'madera, kapena kuwerenga mu Fuko, Tamvani ndi Boma Lathu, zimabadwira m'Chingerezi. Chikalata cha ku unduna, lipoti la apolisi, chigamulo cha khoti, zokambirana za aphungu ku Nyumba ya Malamulo, zonsezi zimafika pa desiki ya mtolankhani zili m'chiyankhulo china. Apa ndi pomwe vuto limayambira. Munthu akathamangira kumasulira chiganizo ndi chiganizo, amatulutsa nkhani yomwe mawu ake onse ndi a Chichewa koma palibe Mmalawi amene angayankhule chomwecho. Malangizo ali m'munsiwa akutsata momwe ntchito imayendera, kuchokera pomwe mwalandira nkhani mpaka pomwe mukuipereka kwa mkonzi.

Choyamba: imvetseni, kenaka tsekani chikalatacho

Werengani chikalata chonse kawiri. Mukatero chitembenuzeni, kapena tsekani foniyo, ndipo muuze mnzanu amene muli naye pafupi zomwe zachitika, ndi pakamwa, m'ziganizo ziwiri. Ngati mukudodoma, ndiye kuti nkhaniyo simunaimvetse, ndipo kulemba sikungakupulumutseni. Imbirani foni amene walemba chikalatacho mumufunse kuti, "Kodi zimenezi zikutanthauza chiyani kwa munthu wogulitsa tomato pamsika?" Akuluakulu ambiri a m'maofesi akafunsidwa chonchi amayankha m'Chichewa chabwino kuposa chomwe inu mukadapeka nokha, ndipo mawu amenewo mukhoza kuwagwiritsa ntchito.

Zomwe mwauza mnzanu zija ndiye phata la nkhani yanu. Chikalata muchitsegulenso pofuna kutsimikiza mayina, manambala ndi masiku basi.

Chachiwiri: ndime yoyamba inene chomwe chachitika

Tiyerekeze kuti khonsolo ina yakweza msonkho wa pamsika. Mtolankhani wongoyamba kumene amakonda kulemba motere:

"Pofuna kuonetsetsa kuti ntchito za chitukuko zikupita patsogolo komanso kuti ukhondo ukulimbikitsidwa m'misika, khonsolo ya bomali kudzera mu komiti yake yoona za chuma Lachiwiri idachititsa msonkhano wa onse okhudzidwa komwe zidadziwika kuti pakhala kusintha pa nkhani ya misonkho."

Mawu onsewo, koma wowerenga sakudziwabe kuti alipira zingati. Msonkhano si nkhani ayi. Nkhani ndi chomwe chatuluka pamsonkhanopo. Lembani chonchi:

"Ochita malonda m'misika ya m'bomali ayamba kulipira K300 patsiku m'malo mwa K200 kuyambira pa 1 Julayi, khonsolo yatero."

Chifukwa chokwezera msonkhowo chibwere m'ndime yachiwiri, maganizo a mavenda m'ndime yachitatu, za komiti ndi msonkhano kumapeto ngati malo alipo. Dongosololi lili ndi phindu lina: mkonzi akafuna kufupikitsa nkhani amadula kuyambira kumunsi, ndiye chofunika chikakhala kumunsiko chimapita.

Mafunso aja tidaphunzira, ndani, chiyani, kuti, liti, chifukwa chiyani ndi motani, ayankhidwe m'nkhani yonse, osati onse m'chiganizo chimodzi. Chiganizo choyamba chikapitirira mawu 25 kapena 30, mwaunjikamo zambiri. Kumbukirani kuti mawu a Chichewa ndi aatali, liwu limodzi ngati "sadzawapatsanso" lanyamula kale wochita, nthawi, wochitiridwa ndi kukana. Choncho chiganizo cha mawu 20 m'Chichewa n'cholemera kale.

Chachitatu: onetsani amene wachita chinthucho

Apa ndi pomwe nkhani zambiri za Chichewa zimasokonekera, ndipo ndikhalitsapo pang'ono.

Vuto loyamba ndi chizolowezi chobisa wochita. "Ndalama zidasowetsedwa." "Zidaganiziridwa kuti sukulu itsekedwe." "Anthu akupemphedwa kukhala odekha." Adasowetsa ndani? Adaganiza ndani? Akupempha ndani? Zikalata za m'maofesi zimakonda kalembedwe kotere chifukwa kamateteza olemba, palibe amene angalozedwe chala. Inu ntchito yanu ndi kufunsa mpaka wochitayo apezeke, kenaka mumuike kutsogolo: "Komiti ya sukulu yatseka sukuluyo." Mneni wa mtundu wa "-idwa" kapena "-edwa" musiyireni pomwe wochitayo sakudziwikadi, kapena pomwe wochitiridwayo ndiye nkhani, monga "Mwana wapezeka atatayidwa m'chimbudzi."

Vuto lachiwiri n'lathulathu. M'Chichewa "a-" amaimira anthu ambiri, amaimiranso munthu mmodzi amene tikumupatsa ulemu. Taonani chiganizo ichi: "A mfumu adauza apolisi kuti iwo adawaona akuwamenya koma sadawathandize." Adaona ndani? Akumenya ndani? Amene sadathandize ndi a mfumu kapena apolisi? Poyankhula, nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimathandiza, koma papepala palibe chokuthandizani. Mankhwala ake ndi kubwereza dzina mosachita manyazi, ndi kudula chiganizo pawiri: "Mfumuyo idauza apolisi kuti idaona anyamata atatu akumenya mlondayo. Idati sidathe kumuthandiza." Onani kuti kugwiritsa ntchito "mfumuyo ida-", "ndunayi ya-", "phunguyu wa-" kumasiyanitsa anthu bwino kuposa "iwo" paliponse. Ena amaopa kuti kutero n'kupanda ulemu. Ayi, nkhani ili ndi ulemu wakewake, womwe ndi kutchula munthu ndi udindo wake molondola. Chachikulu n'chakuti nyumba yanu yofalitsa nkhani ikhale ndi lamulo limodzi: ngati mumalemba "a" patsogolo pa dzina la nduna, mulembenso "a" patsogolo pa dzina la mlimi. Kupatsa ulemu wolemera yekha kumaonekera msanga.

Vuto lachitatu ndi nthawi. Sankhani pakati pa "adati" ndi "anati", mukhale pomwepo mpaka nkhani ithe. Chinthu chongochitika kumene chimamveka bwino ndi "wamwalira", "yakweza", "agamula". Ndipo ngati nkhaniyo ikupita pa intaneti, pewani "lero" ndi "dzulo" opanda tsiku, poti anthu adzaitumizirana pa WhatsApp patapita miyezi, ena n'kumaganiza kuti ngoziyo yachitika m'mawa womwewo.

Chachinayi: chotsani mawu a kumisonkhano

Pali mawu omwe adalowa m'nkhani zathu kudzera m'maphunziro a m'mahotela ndipo adakhazikika: "kupititsa patsogolo", "kuonetsetsa kuti", "kulimbikitsa", "onse okhudzidwa", "kuika ndondomeko", "kutengapo gawo", "kupereka mphamvu kwa amayi". Si oipa mwa iwo okha, koma nthawi zambiri amaima pamalo pomwe pakadayenera kukhala chinthu chogwirika. Mukakumana nalo liwu lotere dzifunseni kuti, kwenikweni achita chiyani? "Bungweli lapereka mphamvu kwa amayi pa chuma" mwina zikutanthauza kuti labwereketsa amayi 40 ndalama zoyambira geni, kapena lawaphunzitsa kusunga ndalama ku banki mkhonde, kapena langowaitanira kumsonkhano n'kuwapatsa malaya olembedwa dzina la bungwelo. Zitatuzi n'zosiyana kwambiri, ndipo wowerenga ali ndi ufulu wodziwa kuti mwa izi chachitika n'chiti.

Chimodzimodzinso mawu odzazira malo. "Pakadali pano", "malinga ndi zomwe tapeza", "monga tikudziwira tonse", "nkhani yake ili motere". Afufuteni muone ngati chiganizo chataya kanthu.

Miyambi nayo muisamale. "Mutu umodzi susenza denga" ndi mwambi wabwino pa ndemanga ya mkonzi kapena m'kamwa mwa munthu amene mwamufunsa, koma mukauika nokha m'nkhani ya mgwirizano wa zipani, mwalowetsamo maganizo anu.

Chachisanu: manambala muwasandutse zinthu zomwe munthu angaone

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Chiganizo chimenechi n'cholondola, koma kwa anthu ambiri sichinena kanthu. Chomwe chimamveka ndi ichi: dola imodzi ya ku America yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 idayamba kugulidwa pa K1,700. Mukatero aliyense aona yekha chifukwa chomwe feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala, zomwe timagula kunja, zidakwera mtengo. Lamulo lake n'losavuta: peresenti iliyonse iperekezedwe ndi nambala yakale ndi yatsopano, kapena muisandutse "anthu 44 mwa anthu 100 alionse" ngati mukukamba za anthu.

Chitsanzo china ndi lamulo la 50+1 lomwe lidamveka kwambiri khoti litagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha mu Meyi 2019 chichitikenso. Anthu ambiri, ndi atolankhani omwe, ankalimva ngati 51 peresenti. Tanthauzo lake ndi lakuti wopambana apeze mavoti oposa theka la mavoti onse ovomerezeka, ngakhale kuposako kukhale kwa voti imodzi yokha. Mukalemba "50+1" osafotokoza, mwangokopera chizindikiro.

Manambala aakulu afupikitseni. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17,563,749 m'Malawi. M'nyuzi mukhoza kulemba yonse kamodzi, koma pa wailesi nenani kuti "anthu oposa 17 miliyoni ndi theka", chifukwa khutu silisunga manambala asanu ndi atatu ondondozana. Musaike manambala oposa awiri m'chiganizo chimodzi. Samalani kwambiri miliyoni ndi biliyoni: kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi papepala, koma biliyoni imodzi ndi mamiliyoni 1,000. Ndipo muyezo ukhale womwe anthu amagwiritsa ntchito. Tani imodzi ya chimanga ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Mlimi amawerenga matumba, ndowa ndi ngolo, osati matani.

Pa ngozi zikuluzikulu, monga namondwe wa Freddy amene adasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023, manambala amasintha tsiku ndi tsiku. Siyanitsani omwalira, osowa, ovulala ndi osowa pokhala, musawaphatikize pansi pa liwu limodzi lakuti "okhudzidwa". Nenani amene wapereka nambalayo ndi tsiku lomwe waipereka.

Chachisanu ndi chimodzi: mawu a munthu akhale akedi

Chomwe mwaika m'mitengero chiyenera kukhala chomwe munthuyo wanena. Ngati wayankhula m'Chichewa, lembani momwe wanenera, ngakhale atasakanizamo liwu la Chingerezi kapena la Chiyao, musamukongoletsere. Ngati wayankhula m'Chingerezi ndipo inu mukumasulira, njira yotetezeka ndi kufotokoza zomwe wanena popanda mitengero, n'kusiya mitengero pa chiganizo chimodzi chachifupi chomwe mukutsimikiza kuti mwachimasulira mosapotoza. Pomwe n'kotheka, pemphani wolankhulayo abwereze mfundo yake m'Chichewa. Atolankhani a wailesi amachita zimenezi nthawi zonse, ndipo a nyuzi angatengerepo phunziro.

Mneni wonenera mawu a munthu akhale wamba: "watero", "adati", "wauza atolankhani". Mawu ngati "wavomereza", "waulula", "wadzudzula", "wakalipa", "wanamizira" ali ndi chiweruzo mkati mwake. "Wavomereza" akusonyeza kuti munthuyo ankabisa. "Waulula" akusonyeza kuti zomwe wanenazo n'zoona. Agwiritseni ntchito pokhapokha zili chomwechodi.

Nanga "akuti" ndi "ati"? Timawu timeneti timathandiza kusonyeza kuti nkhaniyo mwangoimva, koma sitingalowe m'malo mwa gwero. "Akuti ndalama zabedwa" ndi mphekesera ya pa minibasi. "Lipoti la wofufuza za chuma cha boma lati ndalama zokwana mwakuti sizikuoneka komwe zidapita" ndi nkhani.

Chachisanu ndi chiwiri: nkhani za apolisi ndi makhoti

Pano kulakwitsa liwu limodzi kumafikitsa nyuzi kukhoti, komanso kumawononga mbiri ya munthu mpaka kalekale. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu amaonedwa wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo wogwidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Kalembedwe kanu katsate masitepe amenewa.

Apolisi akamugwira, ndi "woganiziridwa". Lembani kuti "apolisi amanga bambo wa zaka 34 pomuganizira kuti adaba njinga yamoto", osati "apolisi amanga mbava". Akamutengera kukhoti n'kumuwerengera mlandu, ndi "wozengedwa mlandu" kapena "woimbidwa mlandu". Khoti likagamula m'pomwe munganene kuti "wapezeka wolakwa", ndipo chilango chimabwera pambuyo pake, nthawi zina tsiku lina. Belo si kuwina mlandu. Munthu wangololedwa kudikira mlandu wake ali kunyumba. Boma kuchotsa mlandu n'kosiyana ndi khoti kumupeza munthu wosalakwa. Kupha munthu mwadala ndi kupha munthu mosakonzekera ndi milandu iwiri yosiyana, zilango zakenso n'zosiyana, choncho funsani kalaliki wa khoti kapena loya kuti mlandu womwe walembedwa ndi uti.

Mawu okometsera monga "amunjata", "ali m'chitokosi", "aona nyekhwe" amakoma powerenga, ndipo ndikudziwa kuti amagulitsa nyuzi. Koma amaseka munthu amene mwina mawa khoti limumasula. Ine ndimaona kuti "amunjata" angapiririke pa mutu wa nkhani, koma enawo asiyireni ocheza pa bawo.

Mwana, kutanthauza aliyense wosakwana zaka 18, musamutchule dzina kaya ndi wolakwiridwa kaya woganiziridwa. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limateteza ana pa nkhani zotere. Ndipo kubisa dzina kokha sikukwanira. Mukatchula mudzi, sukulu, kalasi ndi dzina la bambo ake omupeza amene akuganiziridwa kuti adamugwiririra, mudzi wonse wamudziwa kale. Wogwiriridwa wamkulu nayenso mumuteteze chimodzimodzi, ndipo musalembe kuti "adagona naye" pomwe nkhani ndi yogwiririra, chifukwa mawuwo akumveka ngati adagwirizana.

Pa maliro, onetsetsani kuti achibale amva kale musanatulutse dzina. Pa nkhani ya munthu amene wadzipha, musafotokoze njira yomwe watsata, ndipo musathamangire kunena chifukwa chimodzi ngati kuti mukuchidziwa.

Mawu otchulira anthu nawo asintha, ndipo asintha pa zifukwa zabwino. Timati "anthu aulumali", "munthu wachialubino", "amene ali ndi kachilombo ka HIV", "wodwala matenda a muubongo". Mayina achipongwe omwe tidakula tikuwamva asapezeke m'nkhani yanu. Komanso dzifunseni ngati ulumali, mtundu kapena chipembedzo cha munthuyo chikufunikadi m'nkhaniyo. Kawirikawiri sichifunika.

Chachisanu ndi chitatu: mayina a mabungwe, maudindo ndi malo

Dzina lachidule lililonse lifotokozedwe ndi ntchito yake pomwe likutchulidwa koyamba: "bungwe lothana ndi katangale ndi ziphuphu la ACB", "bungwe lotolera misonkho la MRA", "nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA", "bungwe loyendetsa zisankho la MEC". ESCOM ndi ADMARC ndi odziwika mokwanira. Musadzaze nkhani ndi mayina achidule otere oposa atatu.

Maudindo a mafumu muwafunse kwa eni ake. Nyakwawa si gulupu, gulupu si mfumu yaikulu, ndipo Inkosi ya Makhosi, Kalonga Gawa Undi ndi Lundu ali ndi matchulidwe awoawo omwe anthu awo amawasamala. Dzina la munthu mumupemphe alilembe yekha m'kabuku kanu. Potchula malo, yambani ndi pomwe anthu akudziwa: mudzi, mfumu yaikulu, boma. Kumbukiraninso kuti "boma" likhoza kutanthauza olamulira dziko kapena dera ngati Dowa, choncho "boma lakana" ndi "boma la Dowa lakana" zisasiye wowerenga akudabwa.

Chachisanu ndi chinayi: kalembedwe ka mawu

Malamulo a kalembedwe ka Chichewa adakhazikitsidwa ndi Chichewa Board, ndipo kuyambira 1996 ntchito yosamalira ziyankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. Simukuyenera kuloweza zonse, koma zolakwika zina zimasintha tanthauzo. Nkhodolero ikasowa, ng'oma yoimba imasanduka ngoma, nyama ya kutchire. Chilembo cha "h" chikasowa, khama limasanduka kama, phala limasanduka pala. Timalemba "m'mudzi", "m'boma", "n'kofunika". Kalembedwe ka masiku ano ka ku Malawi kamati "vuto" osati "bvuto", ndipo "r" amabwera pambuyo pa "i" ndi "e", monga mu "kulira" ndi "kubwera". Ngati mukulembera owerenga a ku Chipata kapena Lusaka, dziwani kuti Chinyanja cha ku Zambia chili ndi kalembedwe kakekake, monga "c" pomwe ife timalemba "ch". Tsatirani ka nyumba yomwe mukuilembera.

Palinso mawu omwe amalembedwa mofanana koma amasiyana kamvekedwe, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu. "Mtengo wagwa pamsika" ndi mutu womwe ungathamangitse anthu awiri osiyana, wina kukagula chimanga, wina kukaona ovulala. Onjezani liwu limodzi: "Mtengo wa chimanga watsika."

Pa mawu obwereka, tsatirani pakamwa pa anthu. Palibe chifukwa chopekera liwu latsopano la foni, kompyuta, bajeti kapena katemera pomwe aliyense akuwadziwa kale. Koma liwu lomwe limangodziwika m'maofesi, lifotokozeni ndi mawu wamba m'malo molilemba m'Chichewa chongopotoza zilembo.

Chakhumi: mutu, ndi kuwerenga mokweza

Mutu ulembedwe pomaliza. Ukhale ndi mneni, unene chinthu chimodzi, ndipo usalonjeze zomwe m'nkhanimo mulibe. Pa Facebook anthu ochuluka amawerenga mutu wokha n'kuyamba kuthirira ndemanga, choncho ngati m'nkhani mwalemba "woganiziridwa", mutu usanene "wakuba". Mutu wongoti "Amupha" kapena "Awathamangitsa" ubwezereni wochita ngati malo alola.

Mukamaliza, werengani nkhani yonse mokweza, ngakhale ikhale ya m'nyuzi. Pomwe mpweya wakutherani, ikani mpumiro. Pomwe lilime lapunthwa, sinthani mawu. Pomwe mwabwerera m'mbuyo kuti mumvetse amene akunenedwa, bwezerani dzina. Kenaka tengani cholembera muchonge dzina lililonse, nambala iliyonse ndi tsiku lililonse poyerekeza ndi zomwe zili m'kabuku kanu kapena zomwe mudajambula pafoni. Ngati nthawi ilipo, patsani munthu amene sadali nawo pankhaniyo, kaya ndi dalaivala wa kuntchito kwanu kaya wolandira alendo, awerenge kamodzi n'kukuuzani zomwe wamva. Akanena zosiyana ndi ziganizo ziwiri zomwe mudayamba nazo, bwererani ku ndime yoyamba musanatumize kwa mkonzi.